Mutu 5: Nkhanambo Yoyera pa Mtanda wa Katungwe

1. Kuseri kwa khola

Mvula ya chaka chimenecho inachedwa kukata. Mmene dzuwa linkayamba kuwala bwino pamwamba pa mapiri, chikondwerero cha Dashain chinali chitayandikira kale, ndipo m'mudzi wa Simle aliyense anali pakalapakala. Amayi ankazira makoma ndi dothi lofiira, abambo ankakangana za mbuzi zoti aphe. Ana okha ndiwo ankafunsa funso limodzi: katungwe amangidwa liti?

Katungwe wa ku Simle sanali wa chingwe. Linali gudumu lalikulu la matabwa, la mipando inayi, lozungulira pa mtanda umodzi wopingasa pakati pa nsanamira ziwiri. Anyamata akalizunguza ndi manja, wokwerayo ankapita m'mwamba kupitirira madenga a nyumba, kenako n'kutsika m'mimba muli zii. Akuluakulu ankati munthu ayenera kusiyana ndi nthaka kamodzi pachaka.

Amene anasema mtanda wa katungweyo ndi bambo ake a mtsikana wina dzina lake Tulasa, asanapite kukagwira ntchito kunja kwa dziko. Pochoka anasiya mawu kwa mwana wawo wamkulu, Khem, kuti chikondwerero chikatha aziusunga pouma. Chaka chino anyamata a m'mudzi anasankha Khem kuti atsogolere ntchito yomanga katungwe, ndipo iye ankayenda mapewa ali m'mwamba.

M'mawa wa tsiku lomanga, Tulasa anapita kuseri kwa khola la njati zawo zoweta kukatenga dengu lomwetera udzu. Anapeza Khem atagwada, akukoka mtanda uja pansi pa mulu wa mapesi onyowa. Denga la pamalopo linali litadontha dzinja lonse.

Khem ataugubuduza mtandawo, Tulasa anaona chinthu choyera chitamata kunsi kwake. Chinkaoneka ngati laimu wotayikira, koma pakati pake panali pachikasu pang'ono, ndipo m'mphepete mwake munali timaulusi tofewa ngati thonje. Chinayala kutalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Fungo lake linali la m'nkhalango mvula itangokata.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?"

Khem anadzidzimuka. "Waima chiyani pamenepo ngati mbuzi yomangidwa? Ndi litsiro basi."

"Litsiro limamera ubweya?"

"Iwe, njati zikulira njala. Pita ukamwete udzu."

Tulasa sanasunthe. Khem anatenga chikwakwa n'kuyamba kupala choyeracho. Chinkakanganuka ngati nkhanambo ya pabala, ndipo pena chikwakwa chinkalowa m'mtengo mosavuta n'kutuluka ndi tizibenthu totuwa. Atatha kupala, anasakaniza dothi lofiira ndi mafuta a mpiru, n'kupaka pamalopo mpaka panaoneka pokongola kuposa pena paliponse.

"Waona? Chatha," anatero Khem, akupukuta manja pa buluku. "Ndipo zimenezi zithere konkuno. Amayi asamve."

Khem atapita kukaitana anzake kuti adzanyamule mtanda, Tulasa anatola kachidutswa kamodzi ka nkhanambo ija, kali ndi kachibenthu ka mtengo kunsi kwake. Anakakulunga m'tsamba, n'kukabisa m'lamba wa nsalu wa m'chiuno mwake.

2. Aphunzitsi ali paulendo

Sukulu inali itatsekera. Aphunzitsi a sayansi, a Nirmaya, ankakhala m'kanyumba ka pafupi ndi sukulu, koma kwawo kunali kutali, kuchigwa. Tulasa anawapeza akukhoma chitseko, chikwama chili pansi.

"Wabwera nthawi yabwino, Tulasa. Ndinyamulire chikwamachi. Galimoto yomaliza ikunyamuka posachedwa kumsewu uko, ndipo ikandisiya ndiye kuti Dashain ndidyera pano ndekha."

Ali m'njira yotsetsereka, Tulasa anamasula tsamba lija. A Nirmaya anaima, n'kutulutsa galasi lokuzira zinthu m'thumba la juzi. Anayang'ana kachidutswako mbali zonse, anakanunkhiza, kenako anafinya kachibenthu kaja ndi zala. Kanaphwanyika ngati buledi wonyowa.

"Uyu ndi bowa," anatero.

"Bowa? Koma alibe mwendo, alibe chipewa."

"Si bowa yense ali ndi chipewa. Ameneyu amangoyala pamtengo ngati utoto. Mitundu yake ndi yambiri, ndipo kuti munthu adziwe dzina lenileni la uyu pangafunike makina oonera tinthu tating'ono kwambiri. Koma ntchito yake ndikuidziwa. Amadya mitengo."

Anayambanso kuyenda, aphunzitsi patsogolo, Tulasa pambuyo ndi chikwama kumsana.

"Mvetsera bwino," anatero a Nirmaya. "Bowa si chomera. Chomera chimapanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake chili ndi masamba obiriwira. Bowa sangathe zimenezo. Komanso si nyama, alibe pakamwa, alibe mimba. Ali ndi mtundu wakewake. Nkhungu imene imamera pa chimanga chonyowa ndi m'bale wake. Yisiti wofufumitsa buledi ndi m'bale wake. Ngakhale zipere za m'mutu mwa ana, choyambitsa chake ndi cha banja lomweli."

"Nanga opanda pakamwa amadya bwanji?"

"Thupi lake lenileni ndi timaulusi topyapyala kuposa tsitsi lako. Timalowa m'kati mwa mtengo, n'kumabalalika ngati njira za nyerere. Tikafika pamalo, timatulutsa timadzi tosungunula mtengo, kenako n'kuyamwa zosungunukazo. Ife timameza kaye chakudya, n'kuchigaya m'mimba. Bowa amagaya chakudya chili kunja, n'kumwa pambuyo pake."

Njira inalowa m'nkhalango. Pambali pake panali chipika chachikulu chakugwa kalekale. A Nirmaya anapatuka, n'kumuitana Tulasa kuti asuzumire kunsi kwake. Nkhanambo yoyera inali itayala pamenepo, yofanana ndi ija ya kuseri kwa khola.

"Choyera ukuchionachi ndi chipatso chabe. Chimatulutsa timbewu tating'onoting'ono, touluka ndi mphepo ngati fumbi. Tikatera pamtengo wouma, palibe chimachitika. Tikatera pamtengo wonyowa, timamera. Ndiye ukaona chipatso kunja, dziwa kuti mwini wake anakhazikika kale m'katimo. Tsopano chiponde chipikachi."

Chipikacho chinkaoneka cholimba. Tulasa anachiponda ndi chidendene, ndipo phazi lake linalowa mpaka m'kakolo. M'katimo munali motuwa, mwa ulusiulusi, monyowa.

"Muno m'nkhalango bowa ameneyu ndi bwenzi lathu," anatero aphunzitsi. "Popanda iye, mitengo yonse yakugwa ikanangounjikana, nthaka n'kusowa chonde. Iye amabweza mtengo wakufa kudothi. Vuto lake n'loti sasiyanitsa chipika cha m'nkhalango ndi mzati wa nyumba. Kodi kako aka wakatenga kuti?"

Tulasa anayang'ana phazi lake lomwe linali likadali m'chipikamo.

"Pa mtanda wa katungwe. Koma achimwene apala chonse, apakapo dothi ndi mafuta."

A Nirmaya anatulutsa foni n'kuimbira a Harka, amalume ake a Tulasa, amene ankayang'anira zochitika za chikondwerero m'mudzimo. Foniyo sinkapezeka. Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Kumunsi kunamveka hutala ya galimoto.

"Tulasa, bambo anga akudwala, ndiyenera kupita. Ndiziyesabe foni ndili m'njira, koma usadalire zimenezo. Tamvera zimene ndikukuuza. Kupala chipatso sikupha bowa, monga kuthyola malalanje sikupha mtengo wa malalanje. Dothi lofiira silibwezera mphamvu imene yadyedwa. Ngakhale mutauyanika padzuwa mtandawo, bowa angasiye kukula, koma pamene anadya padzakhalabe pofooka. Ine sindingadziwe kuti walowa mpaka pati. Mwina wangodya pamwamba, mwina wafika pamtima. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtanda umenewo usenza ana anayi m'mwamba, ndipo mtengo wotere suchenjeza. Uyambe walankhula ndi Khem payekha, umupatse mpata woti anene yekha. Akakana, upite kwa amalume ako, ngakhale pali anthu. Anthu akhoza kukuseka, Khem akhoza kukukwiyira. Zonsezo zimatha. Msana wa mwana ukathyoka subwerera."

Analandira chikwama chawo, n'kuthamangira kumsewu. Tulasa anatembenuka, n'kuyamba kukwera phiri.

3. Mawu a Khem

Mmene ankafika pabwalo la pamwamba pa mudzi, dzuwa lili paliwombo, mtanda unali utakwezedwa kale pa nsanamira. Anyamata ankakhomera mikono ya gudumu pakati penipeni pa mtandawo, pamene Khem anapaka dothi lija. Ana anali atazungulira, ena akukangana kale za amene ayambe kukwera.

Bhuwan, mlongo wake wamng'ono wa Tulasa, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamuthamangira atavala malaya atsopano.

"Achemwali, ine ndiye woyamba. Achimwene anena. Akuti poti mtandawu ndi wa ababa, mpando woyamba ndi wanga."

Tulasa anamusisita kumutu. Anapita pamene Khem ankasongola zikhomo, n'kumukoka malaya.

"Achimwene, tabwerani kuno pang'ono."

Anapita kuseri kwa mulu wa udzu. Tulasa anafotokoza zonse, za timaulusi, za chipika cha m'nkhalango, za phazi lake lolowa m'mtengo. Khem ankamvetsera nsagwada zili gwa.

"Ndiye wakauza aphunzitsi? Ndinati chiyani ine?"

"Ndimangofuna kudziwa kuti n'chiyani."

"Wadziwa tsopano, dokotala wa zipika. Mtanda uja taunyamula anthu anayi, ndipo mapewa akutipweteka mpaka pano. Chinthu chowola chimalemera choncho? Ndaukwera ndekha, ndadumphadumpha pamwamba pake. Sunalire n'komwe."

"Aphunzitsi akuti suchenjeza."

"Aphunzitsi ako anamangapo katungwe?" Khem anatsitsa mawu. "Ukufuna mudzi wonse udziwe kuti ndawoletsa mtanda wa ababa? Mtengo wina tiupeza kuti lero? Ukudziwa kuti m'nkhalango sadula popanda chilolezo cha komiti yoyang'anira nkhalangoyo. Katungwe akalephereka chaka chino, aliyense aziloza ine. Ababa akaimba foni ndiwauza chiyani?"

"Nanga Bhuwan akagwa muwauza chiyani?"

Khem anaphethira, n'kuyang'ana kumbali. Kwa kanthawi ankaoneka ngati agonja. Koma mnzake wina anamuitana kuti abweretse zikhomo, ndipo nkhope yake inalimbanso.

"Dashain yokhayi basi. Ikatha ndisema wina ndi manja angawa. Koma ukatsegula pakamwa lero, usadzanditchulenso kuti achimwene."

Tulasa anathamangira kunyumba kwa amalume ake. Anapeza kuti a Harka apita kumudzi wina kukatenga mbuzi, ndipo abwera molunjika pabwalo nthawi yotsegulira katungwe. Anapita kwawo. Amayi ake anali pamoto, akukazinga mikate yozungulira ya ufa wa mpunga, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Udzu wa njati uli kuti?" anafunsa amayi.

"Amayi, mtanda wa katungwe uja..."

"Mwayambananso ndi Khem? Inu ana inu, ngakhale pa chikondwerero? Mlongo wako akugwira ntchito yotipatsa ulemu tonse, usamusokoneze. Kasambe, uvale, tizipita."

Mafuta anathetheka m'chiwaya, amayi n'kutembenukira komweko.

4. Mpando wa Bhuwan

Chakumadzulo, dzuwa litapendeka, mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Gudumu linaima lili neng'a, mipando yake yokongoletsedwa ndi maluwa achikasu. A Harka anafika atatopa, akukoka mbuzi yakuda. Anaimangirira pamtengo, anasamba m'manja, n'kulandira mbale ya mpunga wofiira woti awaze pa katungwe.

A Harka anali msilikali wopuma, wamfupi, wa mawu ochepa. Ana ankawaopa, ndipo Tulasa anali asanawalankhulepo pagulu.

Anayesa kuwayandikira, koma amuna anali atawazungulira, akufunsa za mbuzi. Ng'oma inayamba kulira. Khem ananyamula Bhuwan n'kumukhazika pampando woyamba. Anyamata anasuntha gudumu pang'ono kuti mwana wachiwiri akwere, kenako wachitatu. Bhuwan anali atakwera kale kufika pamwamba pa mitu ya anthu, akugwedeza miyendo ndi kuseka.

Tulasa anamva kaphokoso kakang'ono kochokera pakati pa mtanda, ngati munthu waponda tsamba louma. Mwina anali yekha amene anakamva. Anadutsa pakati pa anthu, n'kukagwira mpando wachinayi ndi manja onse awiri mwana asanakhalepo.

"Choka apo, si nthawi ya akuluakulu," anatero mnyamata wina.

"Tsitsani anawo," anatero Tulasa. Mawu ake anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Tsitsani anawo. Mtandawu ndi wowola."

Ng'oma inaleka. Mayi wina anaseka. "Mwana wa ndani ameneyu? Walota masana?"

"Akufuna ayambe ndi iyeyo," anatero wina. "Mpatseni mpando, mwina mtanda uchira."

Khem anabwera, n'kumugwira dzanja mwamphamvu. "Siya mpandowo, Tulasa."

"Sindisiya."

"Musiye mwanayo," anatero a Harka. Anapatsira munthu wina mbale ya mpunga, n'kubwera pafupi. "Mphwanga, wanena kuti chiyani?"

Tulasa anayang'ana pansi. "Amalume, kunsi kwa mtandawu kunamera bowa woyera. Ndamuona m'mawa. Aphunzitsi a Nirmaya akuti amadya mtengo m'kati. Anakuimbirani foni koma simumapezeka."

"Bowayo ali kuti?"

Tulasa sanayang'ane Khem. "Anapalidwa. Panapakidwa dothi."

Pabwalo panamveka manong'onong'o. A Harka analamula kuti ana atsitsidwe mmodzimmodzi, pang'onopang'ono. Bhuwan anatsika akulira, n'kumumenya Tulasa pantchafu ndi kankhonya kake.

A Harka anakwera pa makwerero a nsungwi, n'kusolola mpeni wawo waukulu. Anagogoda mtanda ndi chigwiriro chake chakumapeto kuno. Unalira bwino, ngo ngo ngo. Anagogoda mbali inayo, unaliranso chimodzimodzi. Anabaya ndi nsonga ya mpeni, koma sinalowe.

Anthu anayamba kuseka. "Mwaonatu. Sukulu ikachuluka imaopetsa ndi mitengo yomwe," anatero bambo wina.

"Si kumapetoko, amalume," anatero Tulasa, misozi ili m'maso. "Ndi pakati, kunsi, pamene akhomerapo mikono ya gudumu."

Pamenepo mpeni sukanafika popanda kumasula gudumu lonse. A Harka anatsika, n'kumuyang'ana Khem.

"Khem, zimene akunena mlongo wakozi n'zoona?"

"Kanali kalitsiro ka pamwamba, amalume. Mtandawu ndi wolimba. Ngati anthu akukayika, ndikwera ndekha ndi anzangawa."

"Sukwera iwe, sakweranso wina aliyense. Anyamata, pitani kunyumba kwanga mukatenge matumba anayi a mawere. Akwere amenewo."

5. Matumba anayi

Anamangirira thumba limodzi pampando uliwonse. A Harka anauza anthu onse kuti afutukire kutali, ndipo anyamata ozunguza anawauza kuti akankhe n'kuthawira kumbali.

Gudumu linazungulira bwinobwino. Linazunguliranso. Anthu ena anayamba kuwomba m'manja monyoza, ndipo mayi uja anafunsa ngati mawerewo akusangalala. Tulasa anaima yekha, manja ali pakamwa. Amayi ake ankamuyang'ana ndi diso loti tikaonana kunyumba.

"Onjezani liwiro," anatero a Harka. "Ana akakwera mumazunguza chonchi?"

Anyamata anakankha ndi mphamvu. Gudumu linathamanga, maluwa akuuluka. Kenako panamveka kulira kwakuya, ngati chitseko chakale chikutseguka, ndipo mtanda unapindika pakati. Gudumu lonse linapendekera kumodzi, n'kugwa ndi mkokomo umene unagwedeza nthaka. Mpando umene unali pamwamba unamenya mwala, n'kusweka. Thumba lake linaphulika, mawere n'kumwazika bwalo lonse.

Mbuzi yakuda ija inkalira, ikukoka chingwe. Amayi ake a Tulasa anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kumukumbatira Bhuwan mwamphamvu moti mwanayo anayamba kudandaula kuti akumupweteka.

A Harka anapita pa mtanda wothyokawo. Kunja kwake kunali chikhungwa cholimba, chochindikala ngati chala. M'kati monse munali motuwa, mwa ulusiulusi. Anazula chibenthu ndi dzanja, n'kuchifinya. Madzi anadontha.

6. Chenjezo la a Harka

A Harka anachikweza chibenthucho kuti aliyense aone.

"Bwerani pafupi, makamaka inu achinyamata. Gwirani, mununkhize, kuti mudzachidziwe mukadzachionanso. Mtandawu umalemera chifukwa cha madzi, osati chifukwa cha mphamvu. Inenso ndagogoda, ndipo wandinamiza. Bowa ameneyu sitingamuthamangitse m'dziko, mbewu zake zili mumphepo imene tikupumayi. Chimene tingathe ndi kusamupatsa madzi. Mtengo wa ntchito suugoneka padothi. Uusanjike pa miyala, pansi pa denga losadontha, pamene mphepo ikudutsa. Usaufunditse mapesi. Dzinja lili m'kati, pita ukauone, uugubuduze. Ndipo ukapeza choyera chitamata, itana anthu tsiku lomwelo."

Anaponya chibenthucho pansi, n'kutembenukira kwa Khem. Mnyamatayo anali ataima pafupi ndi mpando wosweka uja, nkhope itatuwa.

"Khem, mwana wa mlongo wanga, kusiya mtanda ponyowa ndi kulakwitsa kumene aliyense pano angachite. Ukanabwera m'mawa n'kundiuza, ndikanakukalipira, kenako tikanapita limodzi kukomiti kukapempha mtengo. Bambo ako akanadandaula sabata imodzi. Koma iwe unaona, unapala, n'kupakapo dothi kuti ife tisaone. Kenako unanyamula mng'ono wako ndi manja ako n'kumukhazika pamenepo. Sindikunena kuti unafuna kuti avulale. Ndikudziwa kuti unkaopa manyazi. Koma taona pamene manyazi akanatifikitsa. Lero tikanayamba Dashain titanyamula ana pamachira kutsika phiri ili."

Kenako anayang'ana khamu lonse. "Ndipo inu amene mumaseka, inenso ndinatsala pang'ono kuseka nanu. Mwana akanena kuti waona choopsa, kumufunsa n'kosavuta kusiyana ndi kumuseka."

Mayi uja anaweramitsa mutu. Anthu anayamba kuwola mawere ndi manja, ena akumasula matabwa amene anapulumuka. A Harka analamula kuti mtanda wowolawo ukaotchedwe kutali ndi nyumba.

Tulasa anafuna kupita kwa Khem. Koma Khem ndiye anabwera. Sanamuyang'ane kumaso. Anaima pakati pa iye ndi amalume awo, akupotokola chipewa m'manja.

"Amalume, pali china."

"Nena."

"Pansi pa mapesi paja panalinso matabwa. Mwezi watha, madzi atakokolola mbali ina ya mlatho wa kumtsinje, munatituma kuti tikakonze. Ndinatenga matabwa atatu pamulu womwewo." Anayang'ana pansi. "Awiri anali ndi choyera chomwechi. Ndinapala, n'kuwakhoma mbali yopalayo ili pansi."

A Harka anatseka maso. Mlathowo unali pamwamba pa phompho, ndipo mtsinje unali ukadali wodzaza ndi madzi a mvula.

Nthawi yomweyo, kuchokera kutsidya kwa chigwa, kunamveka ng'oma ndi zitoliro. Anthu onse anatembenuka. Pa njira yotsetsereka ya phiri la kutsidyako panali mzere wautali wa zovala zofiira ndi zachikasu. Anali anthu a mudzi wa kutsidya, akubwera ndi ana awo kudzakwera katungwe wa ku Simle, ndipo otsogola anali atayandikira kale mitengo ya m'mbali mwa mtsinje.

"Imbani foni kwa aliyense amene mukumudziwa kumeneko," anatero a Harka. "Ena kuwani, mwina amva."

Koma ng'oma za kutsidya zinkalira kwambiri, ndipo mzere uja sunaime.

Khem anataya chipewa pansi. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuseri kwa mulu wa udzu, anamuyang'ana Tulasa m'maso.

"Mlongo wanga, iwe umathamanga kuposa ine potsetsereka. Ukafika usaponde thabwa lililonse, ungoima pamutu pa mlatho n'kuwaletsa. Ine ndili pambuyo pako."

Tulasa anavula nsapato zake zatsopano, n'kumupatsira Bhuwan kuti agwire. Kenako anayamba kuthamanga.